Ndodo Yowongoka ya Arcanjo

Arcanjo anabadwira ku Domwe, kwawo kwa amayi ake, koma ntchito inamukhazika ku Kalomwe, pamalire olowera ku Dedza. Sukulu anailekeza mu kinta, kalasi yachisanu, chaka chimene bambo ake anamwalira, ndipo kuyambira pamenepo njinga ndiyo inakhala khasu lake. M'mawa uliwonse, nkhungu isanatsike m'mapiri, ankamanga matumba a kachewere panjingapo n'kumakankha mpaka kumene makamiyao, malole aakulu aja, amapakira katundu. Sanali wolankhulalankhula. Anali ndi mkazi, Márcia, ndi kamwana kamodzi, Elisa.

Akaweruka sankapita kumowa. Ankalowa m'baraka ya a Benvinda, mayi wogulitsa zakumwa ndi timabuledi totchedwa mapawu, amene anali ndi meza ya biliyari pafupi ndi msika. Ndodo zosewerera zinkatsamira pakhoma, ndipo Arcanjo ankatenga imodzimodzi nthawi zonse, yakuda ndi thukuta, yokhala ndi chipsera kumbuyo. Asanamenye mpira ankaitembenuza kuti chipseracho chiyang'ane kumwamba. Akadamufunsa chifukwa chake sakadayankha. Dzanja linangozolowera. Ndi ndodo imeneyo anakula, ndipo pa Kalomwe ponse womuvutitsa anali mmodzi yekha, Dércio, mnyamata wosintha ndalama pamalire.

Chaka chimenecho kunamveka kuti ku Ulongwe kudzakhala mpikisano wa biliyari. Dera lililonse linayenera kutumiza munthu mmodzi, wobwera ndi ndodo yakeyake. A Benvinda anagamula kuti kutha kwa mwezi, Lamulungu, Arcanjo ndi Dércio adzasewera, ndipo wopambana ndiye adzapite.

"Koma ndodo zangazi sizituluka pakhomo pano," anatero. "Zikapita ku Ulongwe, otsalawa azisewera ndi mipini?"

Arcanjo anali asanaimirepo anzake pa chinthu chilichonse chibadwire. Malo amenewo anawafuna ndi mtima wonse, choncho anayamba kusaka ndodo.

Anayambira ku Dedza, tsiku limene anaolotsa katundu. M'sitolo ina anamuonetsa ndodo yonyezimira, yolumikiza pakati, yonga imene Dércio anali nayo. Inali yokongola, koma m'dzanja lozolowera matumba inapepuka ngati bango, ndipo ataigogoda pang'ono polumikizirapo panalira. Anaibweza.

Kenako anapita kwa Adelino, mmisiri wa pamsika, wosema mipini, mipando ndi chilichonse chimene munthu angatchule. Adelino anali wachangu ndi wansangala.

"Achimwene, mawa lomweli mudzaipeza yatha. Bulugamu ndili naye wambiri."

Arcanjo ananunkhiza ndodo imodzi yomwe inali itatha kale. Inkamveka fungo la mtengo wauwisi. Iye ankadziwa zimene chisanu ndi chinyontho cha kuno zimachita ndi thabwa losauma, pakuti chitseko cha kwake chinapindika mvula yoyamba. Anathokoza n'kuchoka.

Wachitatu anamumvera kwa anzake a njinga: a Ezequiel, bambo wachikulire wa kufupi ndi Fonte Boa, amene anaphunzira ukalipentala ku mishoni ali mnyamata. Arcanjo anapalasa ulendo wautaliwo Loweruka. Anawapeza akupala thabwa pakhonde.

"A mesitiri, ndamva kuti mumasema ndodo za biliyari."

"Ndimasema ndikapeza mtengo. Mwafulumira kapena muli ndi nthawi?"

"Ndidikira."

A Ezequiel anatulutsa thabwa la mlombwa lochokera pa benchi yakale yothyoka, louma kwa zaka zambiri. Anamuimika Arcanjo, namuyeza kuyambira pansi mpaka paphewa, namuuza kuti adzabwere sabata yotsatira. Arcanjo atabweranso, a Ezequiel anagoneka ndodoyo pathabwa losalala n'kuikunkhuniza. Inayenda mwakachetechete osadumpha. Inali yolemerera bwino kumbuyo, ndi kachikopa komata bwino kunsonga. Arcanjo anadziwa kuti wapeza.

Madzulo a tsiku lotsatira anthu anadzaza m'baraka kudzaona ndodo yatsopano. Arcanjo anapaka jizi, choko cha biliyari, kunsonga, nawerama, namenya. Mpira unagunda m'mphepete mwa dzenje n'kubwerera. Anamenyanso wina wapafupi, woti ngakhale wongoyamba kumene sangauphonye. Unaphonya, mbali yomweyo ya kumanzere.

"Amwene, ndodoyi inachokera kutchalitchi eti?" anatero Dércio. "Ikukana kusewera m'baraka. Kaibwezeni ikapemphere."

Anthu anaseka. Masiku otsatira zinali chimodzimodzi. Arcanjo ankafika kunyumba ali duu, ndipo Márcia anafunsa mosazungulira.

"Bambo a Elisa, a mesitiri aja sanakunamizeni?"

"Ndodo ndi yowongoka. Ndinaona ndi maso anga."

"Ndiye chokhota n'chiyani?"

Funso limenelo linamutsata mpaka kuntchito. Masana, baraka ili yopanda anthu, analowa n'kutenga ndodo yake yakale ija, naigoneka pameza, naikunkhuniza monga anachitira a Ezequiel. Inayenda motsimphina, nsonga ikudzuka ndi kugwa. Zaka zonse zotsamira pakhoma lachinyontho zinaipinda, ndipo pa Kalomwe panalibe amene anaganizapo zoyesa ndodo motero. Tsono Arcanjo anamvetsa. Chipsera chikayang'ana kumwamba, nsonga inkapatukira kumanja pang'ono, ndipo diso lake linaphunzira lokha kulozera kumanzere kuti zikumane. Ndodo yatsopanoyo sinkalakwa. Inkapita kumene iye ankailozera.

Nkhaniyo inamupeza Adelino, ndipo anabwera ndi nzeru.

"Vuto lake lili pati? Bweretsani ndiiwambe pamoto ngati mpini. Ndiikhotetsa ndendende ngati yakaleyo, muzipambana monga kale."

Arcanjo anaimika njinga yake. Nzeruyo inali yokopa, pakuti masiku anali kutha.

"Ikakhota lero, mawa idzaima pomwepo?"

"Mtengo ndi mtengo, achimwene. Umayenda."

"Ndiye ndizidzabwera kwa inu mwezi ndi mwezi? Ayi. Chokhota ndi diso langa. Ndiwongola limenelo."

Anapempha a Benvinda kuti azilowa masana, nthawi imene anzake ankapuma pamthunzi. Ankaika mpira woyera pakati, n'kuumenya kuti ukagunde mbali ya kutsogolo ndi kubwerera pansonga pa ndodo. Poyamba unkabwerera kumbali. Kunyumba ankagoneka garafa, botolo lopanda kanthu, pameza n'kumalowetsa nsonga pakamwa pake, kulowetsa ndi kutulutsa, osafuna kukhudza galasi. Galasilo linkangolira.

"Anthu akamva aziti m'nyumba muno muli wansembe akuimba belu," anatero Márcia. Komabe ankamugwirira garafayo kuti isagubuduke.

Pang'ono ndi pang'ono kulirako kunachepa. Sikunatheretu.

Lamulungu lija, Misa itatha, baraka inadzaza mpaka pakhomo. Anagwirizana kuti woyamba kupambana katatu ndiye wapita. Dércio anatenga masewera awiri oyamba mosavuta, pakuti Arcanjo akapanikizika diso linkabwerera ku chizolowezi chake. A Benvinda, amene anamuona akukula, sanapirire. Anatenga ndodo yakale pakhoma n'kumunong'oneza.

"Mwanawe, tenga iyi. Pano ndi pakhomo panga, lamulo silikuletsa. Za ku Ulongwe udzaziona ukafika."

Arcanjo anaiyang'ana. Ankadziwa kuti akaigwira Dércio watha. Ankadziwanso kuti akatero, zonse zimene diso linaphunzira mwezi umenewo zibalalika, ndipo ku Ulongwe akangopita kukachititsa manyazi anthu a kwawo.

"Zikomo amayi. Ibwezereni pakhoma."

Anasiya kuthamanga. Mpira uliwonse ankayamba waimirira, kuyang'ana njira, kenako n'kuwerama. Mtima ukamuuza kuti walozera kumanja kwambiri, ankaukanira n'kumenya pomwepo. Anatenga masewera achitatu, natenganso achinayi movutikira. M'masewera omaliza onse awiri anatsala ndi mpira wakuda. Dércio anaumenya mwamphamvu, ndipo unazungulira n'kukaima kutali, kumapeto kwa meza. Unali mtundu wa mpira umene Arcanjo anauphonya mwezi wonse.

"Kumanzere kuli malo, amwene," anatero Dércio.

Arcanjo anawerama, nayendetsa ndodo pa zala mofatsa, namenya. Mpira wakuda unayenda utali wonse wa meza n'kulowa pakati penipeni pa dzenje.

Dércio anapukusa mutu, kenako anatambasula dzanja.

"Mukakaluza ku Ulongwe musadzabwerere njira ino."

"Mawa masana mubwere," anatero Arcanjo. "Ndikufuna wondipanikiza. Diso silinawongoke lonse."

Tsiku la ulendo anadula chidutswa cha mpope wothirira kachewere, nalowetsamo ndodo yokulunga m'chitenje cha Márcia, natseka mbali zonse ndi zitsononkho. Anaumanga motsatira chitsulo cha njinga kuti usapindike panjira, ndipo ananyamuka kulowera ku Ulongwe dzuwa lisanatenthe.