Timalamba ta jekete la a Chikopa

Dzina lawo lenileni linkapezeka pa chiphaso choyendetsera njinga yamoto pokha. Mumsewu monse ankangoti a Chikopa, ndipo akazi awo akapsa mtima ankawaitananso choncho. Ntchito yawo inali kunyamula timakatoni ta zitsulo za galimoto kuchoka kusitolo ya bwana wawo kukasiya m'magalaja. Anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Njinga anasintha zinayi, mabwana atatu. Jekete sanasinthe.

Linali lachikopa. Lili latsopano linali lakuda bii, koma pa zigongono linali litatuwa ngati msana wa bulu. Analigula asanakwatire, ndipo ankanena poyera kuti m'nyumba mwawo jeketelo ndiye mkazi wamkulu. Akazi awo sankatsutsa. Ankati awiriwo amayeneranadi, poti onse amaopa sopo.

Pa jekete lonselo, chimene a Chikopa ankanyadira sichinali zipi kapena matumba. Tinali timalamba. Kumapeto kwa mkono uliwonse kunali kalamba kachikopa, kotalika ngati chala, kokhala ndi timabowo titatu ndi kachitsulo komangira. Munthu akalakwitsa n'kufunsa ntchito yake, ankachedwa kumene akupita.

"Mmawa kukuzizira, umamanga. Mphepo siilowa. Mvula siitsikira kukhwapa. Masana kwatentha, umamasula bowo limodzi, mkono upume. Wavala magolovesi, umamanga pamwamba pake. Ndiye ukamanga bwino, wotchi imaoneka. Munthu amadziwa kuti apa pakubwera bambo."

Ankanyansidwa ndi anthu osiya timalambato tili lendelende. Ankati amaoneka ngati mbuzi ya makutu m'manja. Tsiku lina pa maloboti anaima pafupi ndi mnzawo wa njinga, dalaivala wonyamula mankhwala, amene timalamba take tinkakupiza. Osapereka ndi moni womwe, anagwira mkono wa munthuyo n'kumumangira. Anatsala pang'ono kulandira chibakera, koma kalambako anamanga ndithu.

Mbiri ya moyo wawo inali pa timabowoto. Ali mbeta yamphongo, wodya za m'njira, ankamanga pa bowo lachitatu, lothina. Atakwatira anabwerera pa lachiwiri. Ana atabadwa, mimba itayamba kugunda thanki ya njinga, anakhazikika pa loyamba, ndipo anakhalapo zaka zambiri ngati munthu wa nyumba yakeyake.

Chaka chatha zinthu zinayamba kubwerera m'mbuyo. Ludzu linawagwira losamva madzi. Ankayenda ndi mabotolo awiri, ndipo panalibe galaja imene sankadziwa kuseri kwake. Amakaniko ankati a Chikopa amabweretsa zitsulo n'kusiya chithaphwi. Thalauza linayamba kutsika. Lamba wa thalauza anamuboola okha ndi msomali, poti lamba ndi lamba. Koma m'manja anatsika kuchoka pa bowo loyamba kufika pa lachiwiri, kenako pa lachitatu, ndipo tsiku lina mmawa anamva mphepo ikukwera mpaka m'khwapa, atamanga kale mpaka pothera.

Kuchipatala sankafunako. Bambo awo anapitako akuyenda okha, anabwerako atanyamulidwa. Komanso ankadziwa kuti bwana akangomva kuti dalaivala wake akudwala, makiyi a njinga apita kwa wina. Choncho anasankha kubisa. Nkhope anaisiyira ndevu. Mikono anaisiyira jekete. Anayamba kudya atalivala.

"Abambo, kodi m'mbalemu muli mphepo?" anafunsa akazi awo.

"Chimfine."

"Chimfine cha miyezi inayi?"

"Chamakono chimatero."

Jekete sakanalilasa ndi msomali. Analitengera kwa alamu awo, mchimwene wa akazi awo, wosoka nsapato. Kashopu kake kanali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, kopapatiza moti kasitomala ankakhala pa benchi miyendo ili panja. M'kati munkanunkha guluu, ndipo pa alumali panali nsapato zimene eni ake anaziiwala kalekale. Awiriwa chikwatire cha a Chikopa sanalankhulanepo mawu aulemu kupitirira atatu.

"Alamu, mwabwera ndi mkazi wamkulu? Wadwala chiyani?"

"Bowo limodzi uku, limodzi uku. Osalankhula zambiri."

"Chikopa chatambasuka?"

"Eya. Chikopa chimatero chikakalamba."

"Chikopa chiti, cha ng'ombe kapena chanucho?"

"Boolani, alamu. Ndipo mlongo wanu asamve. Mukudziwa pakamwa pake."

"Ndinakula napo."

Wosoka nsapato anaika kalambako pa thabwa, anaimika chitsulo choboolera, hamala kamodzi, pho. Bowo lachinayi. A Chikopa anamanga osavula jekete, n'kunyamuka.

Patatha miyezi iwiri anabweranso. Ulendo uno wosoka nsapato sanaseke. Anagwira kalambako, anayeza ndi chikhadabo.

"Malo atha. Ndikaboola apa ndilasa msoko. Pafunika kuchotsa kalamba konse, ndikasunthe. Vulani."

"Simungasoke ndili chivalire?"

"Ndingathe. Ndikusokerani limodzi ndi mkono, musamavutikenso kuvula."

A Chikopa anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, kenako anavula. Malaya a m'kati anali a manja aafupi. Mikono imene kale inkadzutsa njinga yakugwa ndi dzanja limodzi inali ngati mipini ya tsache. Wotchi inali itathawira chakuchigongono.

Wosoka nsapato anayang'ana kamodzi kokha. Anatenga lezala, anadula ulusi, anachotsa kalamba kakumanja. Anachotsa kakumanzere. Anatiponya tonse m'dirowa, anakhoma, kiyi n'kuika m'thumba la epuloni. Kenako anawabwezera jekete.

"Kwatha."

"Kwatha chiyani? Timalamba tanga?"

"Mubwere ndi pepala la kuchipatala, la chidindo. Ndisoka ulere, ndi ulusi wabwino."

"Ndinu dokotala inu? Munthu wonunkhiza mapazi a anthu tsiku lonse?"

"Ndine wosoka. Ndaboola malamba ambiri, alamu. Wobwera kudzawonjezera bowo kunja, ndimamuseka. Wobwera kawiri kudzaboola chakum'kati, ndimayamba kufunsa ngati suti yake yakuda ilipo. Mlongo wanga zakuda sizimukhala."

A Chikopa anatukwana guluu, anatukwana benchi, anatukwana mtundu wonse wa kuchikazi. Wosoka nsapato anali atayamba kale kukhoma chidendene cha nsapato ya munthu wina.

Tsiku loyamba lopanda timalamba, mphepo inalowa m'mikono yonse iwiri n'kudzaza jekete. Anafika pa galaja atafufuma ngati chule. Amakaniko anawomba m'manja, amvekere a Chikopa anenepanso. Atazimitsa njinga anaphwa pamaso pawo.

Tsiku lachiwiri kunagwa mvula. Madzi anatsata mikono mpaka m'nthiti. Anadula mphira wa chubu chakale n'kumanga m'manja ngati thumba la makala. Pa maloboti, amene anaima pambali pawo anali dalaivala wa mankhwala uja. Timalamba take tinali tomanga bwinobwino, pa bowo lachiwiri. Anayang'ana mphirayo nthawi yaitali.

"Akulu, ndikumangireni?"

Magetsi anachedwa kusintha tsiku limenelo.

Tsiku lachitatu anadzuka n'kunena kuti akupita kukaonetsa chimfine. Akazi awo anali atavala kale nsapato, chikwama chili m'manja.

Kuchipatala namwino anawauza kuti avule jekete. Anawakweza pa sikelo, anawabaya chala, anayang'ana kamakina, kenako anayang'ana a Chikopa.

"Bambo, mwabwera pa njinga? Ndi shuga ameneyu? Tiyi wanu mumathira masupuni angati?"

"Awiri."

"Asanu," anatero akazi awo. "Ndi fanta pa galaja iliyonse."

Sanawagoneke. Anawapatsa mapilitsi, pepala la zakudya zoletsedwa, ndi tsiku lobweranso. Ali pa benchi podikira mankhwala, akazi awo anatsegula chikwama kufuna mpango. M'katimo, pakati pa chipeso ndi makiyi, munali timalamba tiwiri.

"Timeneti tafika bwanji umu?"

"Achimwene anandipatsa tsiku lomwelo. Jeketelo ndimalipachika ndine, abambo. Mumayesa sindidziwa kuwerenga mpaka folo? Ndinakuuzani za chipatala kangati? Ndinaona kuti mkazi wamng'ono simumumva, ndiye ndinati tigwire wamkulu."

 A Chikopa anatenga timalambato n'kutiika m'thumba la m'kati.

Wosoka nsapato anawerenga pepala lonse, ndi chidindo chomwe, ngati wapolisi wa pamsewu. Kenako anasoka. Kakumanzere anakapendeketsa pang'ono, ndipo mpaka lero amakana kuti sanachitire dala.

Bwana atamva anangoti bola azimwa mankhwala, iyenso amamwa omwewo. Makiyi sanalande.

Pano a Chikopa ali pa bowo lachitatu. Namwino anawauza kuti pa loyamba asadzabwererenso. Tiyi amamwa wopanda shuga, nkhope ili ngati akumwa mafuta a injini. Pa maloboti sanasiye kuvutitsa anthu, ndipo ulaliki wawo unatalikirako. Amati kalamba kamatchinga mphepo, kamatchinga mvula, kamaonetsa wotchi, komanso kanawapeza ndi matenda dokotala asanawaone. Za akazi awo ndi alamu awo satchulako.