Achimwene a Jenerale

Hai Luom anabadwira m'mudzi wa m'mbali mwa ngalande kufupi ndi Sa Dec, ndipo moyo wake wonse unathera pa abakha. Wobadwa ndi mutu anali mng'ono wake, Vinh. Bambo awo ataona kuti kamwanako kamaloweza chilichonse chimene kamva, anakapititsa kusukulu ya Afalansa ku Saigon, n'kuuza Luom kuti, "Iwe tsala ndi abakha. Mng'ono wakoyu akadzakwera, tonse tidzakwera naye."

Vinh anakweradi. Anawoloka nyanja, anakawamenyera Afalansa nkhondo yawo kwawo komweko, n'kubwerako ndi nyota m'mapewa, mkazi wachizungu, komanso lilime loiwala theka la chiyankhulo cha amake. Kumudzi Luom anataya dzina. Aliyense ankangoti Achimwene a Bwana, ndipo nyota zitachuluka anasanduka Achimwene a Jenerale.

Ulemuwo unkabwera ndi alendo. Asilikali a boma akamadutsa ankaima pakhomo pake n'kumenya sailuti. "Pa nyumba ya akuluakulu sitingadutse osalonjera," ankatero, ndipo ankachoka aliyense bakha ali kukhwapa. Ajapani atalanda dziko anatenga abakha chifukwa mwini wake anali m'bale wa munthu wa Afalansa. Atachoka iwowo, anatulukira anyamata a m'tchire omenyera ufulu. Awa anati m'bale wa wogulitsa dziko ayenera kuonetsa mbali imene ali, ndipo anaionetsadi, ndi abakha omwe anatsala aja.

"Tikukweradi, bambo a Sen," anatero mkazi wake, Nhan, akuyang'ana khola lopanda kanthu. "Onani mmene tapepukiramu."

Chaka chimene Afalansa anaika Vinh kukhala mtsogoleri wa boma, iye anakumbukira kuti ali ndi kwawo. Anafika pa boti la injini, atavala zoyera mbee, nsapato zikumira m'matope. Pamsika analankhula kwa anthu. Pofuna kunena kuti wabwera kudzapulumutsa dziko, lilime linaterereka, mawu n'kumveka ngati wabwera kudzalikazinga. Anthu anawomba m'manja kwambiri, ena misozi ili mbwembwembwe poyesa kubisa phwete. Jenerale anaona misoziyo ndipo, poiyesa ya chikondi, inamukhudza mtima.

Kunyumba, Nhan anathira tiyi, abale awiriwo n'kukhala moyang'anana. Luom anasowa poyambira: munthu amene unkamupukuta mamina umamuti iwe kapena inu?

"Achimwene," anatero Vinh, "nenani chimene mukufuna. Lero ndingathe chilichonse."

Luom anayankha kuti, "Ngati zili choncho, ukalengeze kuti ine ndi iwe palibe chibale."

Jenerale anaseka mpaka kutsokomola, n'kutanthauzira omutsatira ake m'Chifalansa, nawonso anaseka. Koma Nhan atamufotokozera za khola, nkhope inasintha. Sanali munthu wouma mtima. Analamula pomwepo kuti asilikali atsale azilondera nyumba ya mkulu wake.

Alondawo anali anyamata a njala. Anadya anapiye a abakha amene Luom anali atangoyamba kuweta, anadya mazira, anamaliza ndi nthochi za kuseri. Ndipo popeza tsopano panali mfuti, anyamata a m'tchire anaiona nyumbayo ngati kampu ya adani. Tsiku lina banja lonse lili kumunda wa mpunga, kunamveka kulira kwa mfuti. Pobwerera anapeza phulusa, alonda atathawa kalekale.

Boma la Vinh silinafike nyengo yokolola. Afalansa anapeza wina womvera kuposa iye, ndipo Vinh anakwera sitima kubwerera kwawo kwa mkazi wake, komwe anampatsa nyumba ndi ndalama za ukalamba. Luom anasamukira kwawo kwa Nhan, kutali mkati mwa madambo. Kumeneko ankangodziwika kuti mkamwini wa abakha, ndipo kwa nthawi yoyamba abakha ake anayamba kufa ndi ukalamba.

Patapita zaka, wamalonda wina wochokera ku Saigon anamufufuza mpaka kumupeza. Anamuuza kuti Jenerale anamwalira kutsidya kwa nyanja, anaikidwa ndi malipenga, ndipo anamupatsira chithunzi chake. Luom analira, pakuti mng'ono ndi mng'ono. Mwambo unkafuna kuti chithunzicho chikhale pa guwa la makolo, pambali pa bambo ndi mayi. Koma yunifolomu imeneyo, m'masiku amenewo, ikanawotchetsa nyumba yachiwiri.

Nhan anatenga sizasi. Anadula mapewa, anadula nyota zonse, anadula chipewa. Panatsala kankhope konga chala chachikulu, ka munthu wa makutu otambalala.

"Eya," anatero Luom, akukayandikitsa kumaso. "Uyu ndiye ndikumudziwa."

Anakaika pa guwa, n'kuyatsa zofukiza.