Pikapu ya mkango

Lero mnzanga wa kuntchito wandinyamula kuchokera ku Lewisham, kunja kuno komwe ndikukhala, pa galimoto yake yatsopano, ya ku France, ya kamkango kutsogolo ija. Wangodina batani, injini n'kulira.

Kwathu kunalinso mkango wotere, pa pikapu yakale ya matola, agogo ake a galimoto imeneyi. Koma iyo sinkalira popanda kuikankha.

Ndinali ndisanayambe sukulu. Amayi anali atachira kuchipatala cha paboma, ndiye ine ndi bambo tinkapita kukaona khandalo. Adalaivala anandikhazika kutsogolo, pampando wotentha wonunkha petulo ndi fodya. Kanali koyamba kukhala kutsogolo. Bambo anandipatsira chitenje chatsopano chomwe anagulira amayi, n'kupita kumbuyo kukakankha ndi amuna ena.

Galimoto inatsokomola, inagwedezeka, kenako inalira. Ndinamva amuna aja akudumphiramo.

"Tikaima izimanso, ndiye kutsogoloku kuli chitunda," anatero adalaivala.

"Musaime, ithamangitseni!" ndinakuwa ndikuseka, mphepo ikundiwomba kumaso.

Iwo anaseka nane, n'kuponda moto.

Titayamba kukwera chitunda ndinayang'ana pagalasi la pambali, long'aluka pakona. Bambo anali atatsala pakati pa msewu, akuthamanga atavala jekete lawo la kutchalitchi, maondo a buluku ali fumbi lokhalokha. Anangokweza dzanja limodzi, akuchepa, akuchepa, ine nditakumbatira chitenje chija, ndipo adalaivala anali akusekabe.