Msomali Umene a Yoram Anasuntha

A Yoram Chirwa a pa Euthini anali mmisiri wa magoli a ng'ombe, ndipo kusunga kwawo mangawa kunkadziwika mpaka ku Boma. Malo okhala khosi la ng'ombe pagolipo sankangowasema mwa maso ayi. Ankakhoma misomali pathabwa, n'kupinda kathabwa kopyapyala ka paini kotsamira misomaliyo, pensulo n'kumatsata. Ukasuntha msomali umodzi, kupindika konse kwasintha.

Ndiye panali Bestone, amene anamuphunzitsa okha kugwira sowo. Atakhwima anatsegula pake patsidya pa msewu, n'kukatsina khutu anyamata a chipani kuti mdalayo alibe khadi. A Yoram anakhalitsidwa padzuwa pamsika, anthu akuwaonerera. Munthu kumulera, lero akuchite zimenezo!

Koma magoli a Bestone sankakhala bwino, moti ankabwerabe kudzapereka moni, maso ali pathabwa lija.

"Tiona," anatero a Yoram chamumtima.

Tsiku la msika anazula msomali wapakati, kuusuntha pang'ono ngati chala, n'kusiya thabwalo pakhonde. Pobwerera anapeza zidutswa za pepala la simenti pansi. Mbwenu Bestone wakopera kupindika kuja papepala! Anaseka mpaka kutsokomola.

Mvula itagwa, magoli otchipa a Bestone anayenda malonda, kenaka anayamba kudya makosi. Alimi anakamuunjikira magoliwo pakhomo, akutukwana. A Yoram anatulutsa mpando n'kumaonerera, mtima uli mbee.

"Yewo, a Bestone! Malonda akuyenda?" anakuwa choncho, osabisa chimwemwe.

Sabata yomweyo kunabwera Loyce, mwana wawo wokwatiwa kutali ndi msewu, akukusa Bantomu. Imeneyi inali ng'ombe yawo yokondedwa, imene anamubwereka kuti alimire. Khosi linali chilonda chokhachokha, ntchentche zili ng'waa.

"Adada, goli lanu lija linathyoka," anatero Loyce. "Akamwini anu anaopa kukuuzani, ndiye anagula patsidyapo. Munda sitinafike ndi theka lomwe, anzathu adzala kale."

A Yoram anatenga madzi a mchere n'kuyamba kutsuka, akutukwana Bestone ndi mtundu wake wonse. Wakuba! Njoka! Bantomu ankangonjenjemera. Chala chawo chinatsata mphepete mwa chilondacho mpaka pamene chinazama kwambiri, pakatikati, ndipo kutukwana kunathera pomwepo. Anapadziwa. Panali pa msomali wawo uja.