Mtanda wa ku Holandi Pakhoma la Achemwali

Achemwali anga anali ndi mtanda wadothi pakhoma la pabalaza m'nyumba yawo ku Easterhouse, kuno kudziko la azungu, moyang'anizana ndi zenera. Unali woyera, wonyezimira ngati mbale zimene timasungira alendo, ndi timaluwa tabuluu kumapeto kwake konse. Yesu wake anali woonda, mutu utapendekera kumanja, ndipo mabala ake anawajambula ndi utoto wabuluu womwewo. Pansi pa mapazi panali kabakuli koikamo madzi odalitsidwa. Ife tinakulira m'Chikatolika ku Dedza, choncho tinkadziwa kuti munthu amaviikamo chala n'kuchita chizindikiro cha mtanda, basi.

Anawapatsa mtandawo ndi agogo ena a ku Holandi amene achemwali ankakawasamalira kunyumba kwawo. Agogowo anakwatiwa ndi mwamuna wa kuno kalekale, ndipo pa katundu yense wa kwawo anatsala ndi mtanda wokhawo, umene unali wa amayi awo. Atafooka, anagwira achemwali dzanja n'kuwapempha kuti autenge usakathere m'bini, ndiponso kuti akauike pamalo powala. Ana a agogowo anavomera mwachangu, poti kwa iwo chinali chinyalala chosowa kotaya. Achemwali analonjeza, ndipo munthu ameneyu akalonjeza sabwerera m'mbuyo.

Alamu anga, amuna awo, atamwalira, achemwali anayamba kupemphera ku mpingo wina wa Chipentekoste. Sindinawadzudzule, chifukwa kusungulumwa kwa kuno kumapweteka, ndipo anthu amenewo ndiwo anawagwira dzanja pamaliro. Koma mumpingomo munali amayi busa, munthu amene akalowa m'nyumba ya mwini maso ake amayamba kusaka ziwanda asanapereke n'komwe moni. Anali atamva kuti mwana wamkazi wa achemwali wakhala zaka m'banja popanda mphatso ya mwana. Atangouona mtanda uja, anati matenda awapeza.

Loweruka lina masana achemwali anandiitana kuti kuli mapemphero. Ndinakwera basi kuchokera kwanga ku Shawlands ndi mandasi anga m'jumbo, ndikuganiza kuti tikaimba nyimbo n'kubalalika. Ndinapeza amayi a mumpingo atadzaza pabalaza, nsapato zili mbwee pakhomo, mwana wa achemwali ali pakati pawo atazyolika. Anayamba ndi tiyi. Mandasi anga anatha onse m'nyumba yomwe ankati ili ndi chiwanda, ndipo palibe amene anatsamwidwa.

Atapukuta mafuta kukamwa, amayi busa anaimirira n'kuloza pakhoma.

"Amayi, taonani nokha. Yesu wake uti wotuluka magazi abuluu? Nanga kambale kapansiko? Umu ndi modyetsera mizimu. Katundu wa munthu wakufa mwamupachika pabalaza, ndiye mukudabwa kuti mwana wamangidwa?"

Ndinalephera kupirira. "Amayi busa, kabakuli ako n'ka madzi odalitsidwa. Buluuyo ndi utoto wa oumba a kumeneko, amajambula nawo ngakhale makapu."

"Mwamva? Madzi!" anatero akutembenukira anzawo, ngati ndawathandiza kugwira mbava. Chonsecho m'chikwama mwawo munali botolo la madzi opemphereredwa, amene anali atawaza kale pamakatani ndi pa wailesi yakanema. Madzi a m'botolo la pulasitiki anali a Mulungu, a m'kabakuli a Satana.

Achemwali anayesa kulankhula. Anati, "Ndinalonjeza, amayi. Agogo aja ankapemphera kuposa ine." Mawu awo anamira m'malilime, poti amayi onse anali atayamba kufuula ndi kupondaponda pansi mpaka mzungu wa nyumba yapansi anagogoda denga lake.

Amayi aja anachotsa mtandawo pakhoma n'kuukulunga m'thumba la zinyalala. Anatero poopa kuti zidutswa zingawacheke, poti anali opanda nsapato. Asilikali a Ambuye oopsa chonchi, olimbana ndi mafumu a mdima, ankaopa kudzicheka chala. Wina anatulutsa hamala imene anachita kubwera nayo, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti mlandu unaweruzidwa kale iwo asananyamuke kwawo.

Koma ali ndi mwambo wawo anthu amenewa. Saswa okha. Amati mwini wake ndiye ayambe kumenya, apo ayi chiwanda chimakana kuchoka poti sichinathamangitsidwe ndi amene anachilandira. Ine ndimati n'kuchenjera chabe, kuti mawa wina akadandaula adzanene kuti munaswa nokha. Amayi busa anaika hamala m'manja mwa achemwali.

"Achemwali, musatero," ndinawauza. "Ndipatseni ine, ndikaupachike kwanga."

"Mukatero chiwanda changosamuka, mwana sanamasulidwe," anatero amayi busa.

Achemwali sanayang'ane ine kapena amayi busa. Anayang'ana mwana wawo. Mtsikanayu anakulira kuno, ndi wa sukulu, ndipo sindikhulupirira kuti ankaopa dothi. Koma anali atatopa ndi zipatala, atatopanso ndi mafoni a apongozi ake a ku Malawi ofunsa ngati kuli nkhani. Anakweza mutu n'kunena m'Chingerezi chake cha kuno, motsitsa, kuti amayi, chonde, tingoyesa.

Achemwali anagwada pakapeti n'kumenya. Sikunamveke phokoso lalikulu, kunangoti phwa, ngati kapu yagwa m'sinki. Amayi aja analulutira. Ine ndinatenga jekete langa n'kutuluka osatsanzika, ndipo ndinalira ndi ukali pamalo odikirira basi.

Papita nthawi tsopano ndipo mwana uja sanaimebe. Amayi busa sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Ndikumva kuti tsopano akuti vuto lili mu sofa imene banja la mwanayo linagula kwa anthu ena, ndipo akukonza zopitanso ndi gulu lawo kukamwa tiyi kumeneko.

Msomali umene ankapachikapo mtanda uja ukadali pakhoma. Tsiku lina achemwali anandituma kuchipinda kwawo kukatenga mankhwala a miyendo, ndipo nditakoka katani ndinaona kabakuli kaja pazenera. Kanapulumuka pamodzi ndi mapazi a Yesu, oduka m'akakolo, ndi kadontho kabuluu ka msomali. Munali madzi. Nditacheuka ndinapeza achemwali ataima pakhomo.

"Agogo aja anati pakhale powala," anatero. Kenaka anabweza katani bwinobwino n'kundigwira mkono. "Iwe, usakamuuze mwanayo. Angamaganize kuti amene ndikumutsekera mimba ndine mayi wake."