Chingwe chako cha m'chigafa

Tiyamike mwana wanga, lero chakwana chaka chikuikireni m'manda. Ukukumbuka tchuthi chija unabwera kuno ku Wimbe ndi mabuku, ukukonzekera mayeso a chiphaso cha uinjiniya? Unaona mtanda wachitsulo umene ndinaika m'chigafa cha fodya, n'kupukusa mutu. Unakunga chingwe pansi pake, kusiya mpata wa zala ziwiri, n'kuchiliza ndi pensulo. Unati, "Ababa, chitsulo sichigwa mwakabisira, chimayamba chawerama. Chikadzakhudza chingwechi, mudzatsitse fodya." Ine n'kuti, "Ndiye chili ndi ulemu kuposa iwe, chimaweramira akulu." Mayeso aja sunalembe.

Chaka chino ndinadzaza mikangala ya fodya mpaka kudenga, umandidziwa ine kusamva. Masana ano ndili pansi pa mtanda uja, kopanda mphepo, tsamba ngakhale limodzi osagwedezeka, chingwe chinalira. Kawiri, ngati mmene unkachilizira muja. Poyang'ana, chitsulo chagona pachingwe. Fodya ndatsitsa yense. Amayi ako akuti ndi khoswe. Khoswe wake uti, dzuwa lili paliwombo?

Ndamva, mwana wanga. Koma ukamabweranso uziyamba waodira, mtima wa bambo ako si wachitsulo.