Amayi a pa Tsamba Loyamba

Amayi ochapa nsalu za kuchipatala anayamba ntchitoyi akadali mtsikana, ndipo imvi zinawapeza m'chipinda chomwecho cha kuseri kwa mawodi, momwe munkangoti nthunzi kobo ndi fungo la sopo. Mankhwala oyeretsera anawadya zala mpaka zikhadabo zinakakala ngati makungwa, koma ana awo atatu anaphunzira ndi manja omwewo.

Chaka chimene kunabuka matenda otsegula m'mimba, kunabwera wojambula wa nyuzipepala. Madokotala anali kalikiliki, ndiye anajambula amayiwa akukankha ngolo ya mashiti, atavala chophimba kukamwa, magolovesi ndi majombo. Kutacha amayiwa anadziona pa tsamba loyamba, maso okha ali tong'o, pamwamba pawo mawu oti mliri atalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Poyamba anaseka. "Ha, kutchuka kwandipeza ndili m'majombo!"

Koma madzulo pampopi akazi anzawo anasuntha ndowa mwakachetechete. Mlamu wawo, wa nyumba yoyandikana ndi yawo, anakuwira ana ake kuti achoke pakhonde la azakhali awowo.

"Alamu, kodi ndalakwanji?"

"Palibe, alamu. Koma chithunzi chija, ayi ndithu, thupi langa lachita tsembwe. Mukuoneka ngati mwachokera kumanda."

"Zovala zimene zija ndiye zonditeteza. Ndazivala zaka zonsezi, inu n'kumadya za m'manja mwanga."

Mlamuyo anatembenuka n'kubwerera kwake. Kenako anakweza ana awiri pa njinga yamoto ya mwamuna wake, wina kutsogolo wina kumbuyo, mitu ili pamtunda popanda zipewa zoteteza, n'kuwabayibitsa bambo awo akunyamuka nawo. Amayi aja anaiperekeza ndi maso njingayo ikupinda pakati pa malole, mtima uli m'mwamba, koma anadzigwira pakamwa. Chimene munthu amachiona tsiku ndi tsiku sachiopa.

Kuntchito sanajombe. Madzi ankatunga anzawo atachoka. Za akuluakulu sankazisamala kwenikweni, chinkawapweteka n'kusowa phokoso la tiana tija.

Mliri unazilala. Manyuzipepala anatembenukira ku moto umene unapsereza msika, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana mawaya a magetsi ndi diso lokayika. Tsiku lina m'mawa mlamu uja anagogoda, mwana wamng'ono ali kumsana, thupi lili moto.

"Alamu, kuchipatala kuja inu mumadziwa khomo lake. Tiperekezeni."

Amayi aja anavala nsapato osafunsa zambiri. Anali malungo, ndipo mwanayo anachira.

Patapita zaka zingapo msana unakana, ndipo amayi aja anapuma pa ntchito. Masiku ano amasoka makatani kunyumba, pa makina amene anawagulira mwana wawo wamkulu.